Abwana akuti ndisaine alawansi ya msonkhano omwe sunachitike

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina yemwe amagwira ntchito ku akaunti pa ofesi ina ya boma, dzina lawo sinditchula. Akuti abwana awo amabwera ndi mapepala a maalawansi a misonkhano yomwe sinachitike nkomwe, iwo asaine, nawonso apatsidwepo kangachepe. Funso lawo ndi loti, akuluakulu akuba mabiliyoni, nde ine ndikakana timasauzande timeneti chisinthe ndi chani, si ndingodzipalira adani?

Achemwali, funso lanuli landikhudza pamtima penipeni, ndipo mundipirire chifukwa ndiyankhula zambiri.

Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale, anapuma ntchito mu 2013. Munthu wagwira choko moyo wake onse, ankayembekeza kuti ndalama zopumira zikabwera afolera nyumba ndi malata basi. Ndimawakumbukira akudzuka mmamawa kukadali mdima, jekete lawo lija lomwe ankavala kutchalitchi, envelopu ya khaki mkhwapa muli makalata onse kuyambira yomwe anawalembera ntchito, kukakwera minibasi ya ku Lilongwe. Akafika amakhala pa benchi tsiku lonse osadya, kenako wina amatuluka nkuwauza kuti bambo boma lilibe ndalama pakadali pano, mudzabwerenso mwezi wamawa. Amabwerako usiku, sankadandaula olo pang'ono, ankangovula nsapato nkupempha madzi akumwa. Nthawi yomweyo mayi anga akudwala BP, kuchipatala amangowalembera dzina la mankhwala mkabuku nkuwauza kuti mukagule ku famase, ndalama yake iti?

Ndiye miyezi yomweyo tikumva pa wailesi kuti apolisi akupeza mitolo ya ndalama mmabuti a galimoto ndi mnyumba za anthu ogwira ntchito mboma. Pa 13 September 2013 anawombera a Paul Mphwiyo, omwe anali mkulu oona za bajeti, pa geti la nyumba yawo ku Area 43, ndipo kuchoka apo zonse zinayamba kuululika, ija timati Cashgate. Kampani ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa April ndi September chaka chomwecho. Miyezi 6 yokha! Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti pafupifupi $150 miliyoni, pomwe nthawi imeneyo gawo lalikulu ndithu la bajeti yathu, pafupifupi 40 peresenti, linkachokera kwa iwowo. Amene anamva kuwawa si omwe anaba aja, anali anthu ngati mayi anga pa windo la mankhwala.

Tsopano taganizani mmene ndalamazo zinkatulukira. Munthu amalowa mu kompyuta ya boma yolipirira ija ya IFMIS, nkulemba kuti kampani yakuti yagwira ntchito kapena yabweretsa katundu pomwe palibe chomwe yachita, cheke nkutuluka, akatapa ndalama ku banki wina nkukafufuta zonse mu kompyutamo. Kodi mukuganiza kuti ntchito imeneyi ankagwira ndani? Wandale sakhala pa kompyuta kulemba vocha ayi. Pamafunika wina okonza pepala, wina osaina, wina odinda, wina oti aone koma akhale chete. Bwana wakuba amafuna dzanja la munthu wamng'ono ngati inuyo, ndipo amayamba kuliyesa ndi zazing'ono ngati alawansi yomwe mukunenayi. Mukasaina kamodzi akugwirani, mawa akabwera ndi vocha ya mamiliyoni simungakanenso poti akudziwa kuti dzina lanu lili kale pa pepala labodza.

Ndipo mawu aja oti mbuzi imadya pomwe aimangirira ine amandinyansa zedi. Ndalama za boma si msipu, ndi msonkho omwe mayi ogulitsa tomato amadula akagula sopo ndi mayunitsi. Komanso ife tomwe tili ndi vuto, munthu malipiro ake tikuwadziwa koma wamanga nyumba yosanja ku Area 47 pachaka chimodzi, kutchalitchi timamukhazika kutsogolo, pamaliro akaponya chipepeso chambiri timati koma uyu ndi odalitsika. Palibe ofunsa kuti zachokera kuti. Yemwe wapuma ntchito ali ndi njinga yokha timamunena kuti anali ogona.

Maalawansi omwewa musawaone kuchepa. Mu 2021 anthu akufa ndi Covid-19, mzipatala mpweya ukusowa, kafukufuku wa K6.2 biliyoni zomwe boma linatulutsa polimbana ndi matendawa anaonetsa kuti zina mwa ndalamazo zinathera mmaalawansi osayenera, mpaka nduna ina inachotsedwa ntchito. Aliyense osainapo ankati zangazi nzochepa.

China choti mudziwe, zikavuta amene amayamba kugwidwa ndi amene siginecha yake ili pa pepala. Pa Cashgate a Treza Senzani, omwe anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, analamulidwa kukhala kundende zaka 3, wabizinesi a Oswald Lutepo zaka 11, ena ambiri anali anthu a ku akaunti ngati inu nomwe. Pomwe mlandu wa K1.7 biliyoni wa mtsogoleri wakale a Bakili Muluzi unakhala ku khoti zaka zoposa 10 mpaka boma linauthetsa mu 2023. Abwana anuwo tsiku limenelo adzati sindikudziwapo kanthu, anakonza mapepala ndi uyu.

Nanga mupange bwanji?

Sindikunamizani kuti kukana nkophweka. A Issa Njauju a ku ACB, bungwe lolimbana ndi katangale lija, anaphedwa mu 2015, ndipo a Martha Chizuma, ali mkulu wa bungwe lomwelo, apolisi anakawatenga kunyumba mbandakucha mu December 2022. Ngati anthu oterowo anakumana nazo, mantha anu ndi omveka, ndipo ana anu akufunika kudya.

Komabe musasaine. Palibe chifukwa chokangana nawo, ingowauzani mwaulemu kuti bwana ndipatseni kalata yoitanira msonkhanowo ndi mndandanda wa omwe anabwera ndiphatikize ku vocha, kapena mundilembere kuti ndilipire choncho. Ambiri safuna kulemba, amabwerera pomwepo. Zomwe mwaonazo lembani mkabuku kanu ndi madeti ake, muzisunga kunyumba osati mu dirowa ya ku ofesi. Mukalimba mtima kadziwitseni a ACB, ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ngati munasainapo kale mmbuyomu, kaonaneni kaye ndi loya musanapite kulikonse, ndipo nkhaniyi musaikambe pa gulu la WhatsApp la ku ofesi.