Ulendo wa ku Manchester pa wilitcheya: kodi inshuwalansi n'kutaya ndalama?

Mayi ena a ku Lilongwe anditumizira imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano. Anavulala msana pangozi ya minibasi zaka zingapo zapitazo, moti amayendera wilitcheya. Mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester, wachira, ndiye akufuna agogo akaone mdzukulu kwa miyezi iwiri. Viza yatuluka. Funso lawo ndi ili: "Amene akundigulitsa tikiti akuti ndiwonjezere inshuwalansi ya paulendo. Mwana wanga akuti n'kutaya ndalama chifukwa pofunsira viza sanaitchule, komanso chipatala kumeneko n'chaulere. Ndimvere ndani?"

Amayi, inshuwalansi gulani. Koma musathamangire iyo akukuonetsani pamodzi ndi tikitiyo musanaifunse mafunso, chifukwa kwa munthu waulumali inshuwalansi ina imakhala pepala chabe.

Mwana wanu sakunama kuti viza ya alendo ya ku UK sakakamiza inshuwalansi. Mukanakhala kuti mukupita ku Germany kapena ku France, viza ya Schengen sakanakupatsani popanda inshuwalansi yosachepera mayuro 30,000. Pomwe mwanayo waphonya ndi pa nkhani ya chipatala. Iye salipira akadwala chifukwa amakhala komweko. Inu ndinu mlendo. Ku England, thandizo la kuchipinda cha ngozi, chomwe amati A&E, n'laulere kwa aliyense, koma akangoti mugonekedwe, ndalama zimayamba kuwerengedwa, ndipo mlendo amalipira 150 peresenti ya mtengo umene NHS, bungwe la zipatala za boma kumeneko, inakhazikitsa. Ngongoleyo ikafika mapaundi 500 n'kutha miyezi iwiri osabweza, dzina lanu limapita ku Home Office, unduna woona za maviza ndi anthu olowa m'dzikolo, ndipo viza yotsatira akhoza kukukanizani. Ndi mmene kwacha ilili masiku ano, masiku ochepa chabe m'chipatala angameze ndalama ya puloti.

Tsopano poti pavute mpano. Inshuwalansi zambiri zotsika mtengo zimakhala ndi ndime yonena kuti sizilipira chilichonse chochokera ku vuto lomwe munali nalo kale musananyamuke. M'pepalamo yang'anani mawu akuti pre-existing medical conditions. Inu mukhoza kunena kuti simukudwala, msana unavulala kalekale ndipo munazolowera. Kampani siiona choncho. Tiyerekeze mwakhala pampando wa ndege usiku wonse kuchokera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, mukafika n'kupezeka kuti patuluka chilonda pokhalira. Kapena sabata yachitatu mwatentha thupi chifukwa cha matenda a m'chikhodzodzo, amene savuta kugwira munthu wogwiritsa ntchito kapaipi ka mkodzo. Kapenanso magazi aundana m'mtsempha wa mwendo. Dokotala wa kampaniyo adzatenga chilichonse mwa izi n'kuchilumikiza ku msana uja, kenaka kalata idzabwera yoti pepani, izi sizinali m'pangano.

N'chifukwa chake musabise kanthu, ngakhale wina atakunong'onezani kuti mukatchula ulumali mtengo ukwera. Ukweradi. Koma kubisa kumapatsa kampani chifukwa chokanira zonse, ngakhale zosakhudzana ndi msana. Alembereni imelo, osati kungoimba foni. Nenani kuti munavulala liti, mankhwala omwe mumamwa, ngati muli ndi shuga kapena BP, ndi ngati munagonekedwapo posachedwapa. Mukatero afunseni funso limodzi losazungulira: "Ndikadwala matenda ochokera ku vuto limeneli ndili ku UK, mudzalipira?" Yankho libwere lolembedwa. Akayamba kuzemba, pitani kwina, kapena pezani bulokala wa inshuwalansi akufufuzireni. Ngati muli pa sikimu ya chipatala monga MASM, afunseninso chomwe amachita munthu akadwalira kunja, musangoganiza kuti khadi lija likagwira ntchito. Ndipo mwana wanu asangokugulirani pa intaneti ali uko: inshuwalansi zambiri za ku UK n'za anthu okhala komweko, moti yogulira inu ikhoza kudzakhala yosagwira ntchito.

Muonenso ndime ya kubwezedwa kumudzi. Munthu amene sangathe kukhala tsonga amauluka atagona pa machira, zomwe zimatenga mipando ingapo, kuwonjezapo namwino womuperekeza. Palinso ija sitikonda kuitchula. Tonse tinaonapo mauthenga a pa WhatsApp osonkhetsa ndalama zoti thupi la m'bale libwere kuchokera ku Joni kapena ku UK. Inshuwalansi yabwino imasenza mtolo umenewo.

Nanga wilitcheya? Kwa inu ndi miyendo, koma m'malamulo a ndege ndi katundu ngati sutikesi. Imalowa pansi pa ndege, ndipo poti mukasintha ndege panjira, idzanyamulidwa ndi manja ambiri. Ikathyoka, chipukuta misozi chili ndi malire. Pangano la Montreal la 1999, lomwe mayiko ambiri amatsatira, limalekezera pa madola a ku America pafupifupi 2,000 pa katundu yense wa munthu mmodzi, pomwe pangano lakale la Warsaw limawerengera pa kilogalamu ndipo nthawi zambiri zimachepa kuposa apo. Wilitcheya ya magetsi imadutsa ndalama zimenezi mosavuta. Inshuwalansi wamba nayo imaika malire pa chinthu chimodzi, choncho funsani ngati wilitcheya ingalembedwe payokha pa mtengo wake weniweni, komanso ngati angalipire yobwereka yanu ikamakonzedwa.

Musanaipereke pa bwalo la ndege la Kamuzu (KIA), ijambuleni mbali zonse ndi foni. Khushoni ndi zopondera mapazi chotsani mulowe nazo m'ndege, khushoniyo mukhalire. Mukafika n'kupeza tayala lapindika, musatuluke pa bwalo la ndege musanalembetse lipoti lotchedwa PIR pa ofesi ya katundu. Pangano la Montreal limapereka masiku 7 okha odandaula mwa kalata, koma ine ndingati lembani tsiku lomwelo.

Za thandizo pabwalo sizovuta kwenikweni. Uzani kampani ya ndege kusanatsale maola 48, ndipo pa tikiti palembedwe chizindikiro choyenera. WCHR ndi cha amene amatha kukwera masitepe koma sangayende mtunda, WCHS cha amene masitepe sangathe, WCHC cha amene ayenera kunyamulidwa mpaka pampando. Mmene mwafotokozera, chanu ndi WCHC, ndipo wogulitsa tikiti akalemba WCHR mwachizolowezi mudzapezeka muli pansi pa masitepe anthu akuyang'anizana. Pa mabwalo a ndege a ku UK thandizoli n'laulere mwalamulo.

Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi yotchula dzina lanu, mayina a mankhwala ndi kuchuluka kwake. Izi n'zofunika makamaka ngati mumamwa opha ululu amphamvu monga tramadol, omwe ku UK amawalondoloza kwambiri. Dokotala yemweyo alembenso kuti muli bwino moti mukhoza kuuluka, chifukwa kampani za inshuwalansi sizilipira munthu amene wayenda dokotala atamuletsa. Nambala ya foni ya kampaniyo yoimba pangozi muitumiziretu kwa mwana wanu, poti ambiri amafuna kuuzidwa msanga munthu akangogonekedwa, ndipo pa nthawi imeneyo woimba adzakhala iyeyo.