Sanakhalepo phungu, ndiye angayendetse dziko?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wogwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo. Akuti iye ndi apongozi ake aamuna afika posamwerana madzi chifukwa cha ndale. Munthu amene iye akufuna kuti adzakhale pulezidenti sanakhalepo phungu, ndipo apongoziwo akuti wosalowapo m'Nyumba ya Malamulo sangayendetse dziko. Akufunsa kuti: kodi akunena zoona, nanga ndiwayankhe chiyani?

Achimwene, tiyambe ndi lamulo, poti ndi lalifupi. Gawo 80 la Malamulo Aakulu a dziko lino limafuna kuti wopikisana pa upulezidenti akhale nzika ya Malawi mwa kubadwa kapena mwa makolo, komanso akhale ndi zaka zosachepera 35. Pali zinanso zomulepheretsa, monga kupezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo m'zaka 7 zapitazo. Koma za uphungu mulibemo. Za digiri mulibemonso. Anzathu a ku Zambia ndi amene anaika zoti akhale ndi satifiketi ya Grade 12, koma nawonso sanena za uphungu, ndipo Hakainde Hichilema anapambana mu 2021 asanakhalepo phungu. Ndiye ngati mkangano wanu uli pa lamulo, watha.

Koma apongozi anu sakunena za lamulo. Mawu awowo ndinakula nawo, moti nditawerenga imelo yanu ndinamva ngati bambo anga adzuka.

Bambo anga anali munthu wa Gwanda Chakuamba kufikira tsiku lomaliza. Kwathu kufupi ndi Ngabu, aphungu akamakumana, wailesi inkapachikidwa panthambi ya mtengo wa nimu, iwo n'kukhala pampando wa ndalema atavula malaya chifukwa cha kutentha, akuyankha aphunguwo ngati akuwaona. Mwana akalira ankamuthamangitsira kuseri kwa khola. Ife tinadziwa mawu oti Sipikala tisanadziwe matebulo a masamu. Munthu akangotchula wina wofuna upulezidenti, funso lawo linali limodzi: "Nyumba ija analowamo?" Ukati ayi, ankangotembenukira kuwailesi, nkhani yathera pomwepo.

Ndipo pa muyeso wawowo, ndani akanaposa Mbuya Chakuambayo? Anali nduna kale m'zaka za m'ma 1960, anatsogolera a Payoniya, anamangidwa mu 1980 n'kugamulidwa zaka 22, anatuluka mu 1993, ndipo mu 1994 anaima ngati wachiwiri kwa Kamuzu. Nyumba ankaidziwa, boma ankalidziwa, ndende ankaidziwanso. Mu 1999 anaima yekha mothandizana ndi Chakufwa Chihana, n'kugonja kwa Bakili Muluzi. Tsiku lolengeza zotsatira bambo sanadye. Mayi anabwera ndi nsima ya mapira ndi nsomba zouma, anaibweza iri yovundikira. Pa chisankho chomwecho panali munthu wina wa chipani chaching'ono cha United Party amene sanakwanitse ngakhale 1 peresenti ya mavoti, dzina lake Bingu wa Mutharika. Bambo ankamuseka kuti ngakhale apabanja pake ena sanamuvotere.

Patangotha zaka zisanu, mu 2004, wosekedwa uja analowa ku State House, Mbuya ndi Mgwirizano wawo n'kukhala achitatu. Bingu anali asanapambanepo mpando wa uphungu. Anali katswiri wa zachuma amene anakhala zaka zambiri kunja, anayendetsapo COMESA, kenaka n'kukhala wachiwiri kwa gavanala wa Reserve Bank ndi nduna kwa kanthawi. Bambo anati dziko lagwa m'manja mwa mlendo. Mu 2005 Mbuya atalandira unduna wa zamalimidwe kwa mlendo yemweyo, bambo anayamba kunena kuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Atachotsedwa chaka chomwecho, mwambiwo sunamvekenso pakhomo pathu.

Tsono taonani zimene zinachitika, chifukwa ine mkangano wonsewu ndimauonera pa Bingu. Mu February 2005 anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, ndipo anatsala ndi aphungu ochepa. Otsutsa anamukhalira pakhosi. Anafuna kumuchotsa pampando, anakakamira Gawo 65 loti aphungu amene asintha chipani achotsedwe, ndipo bajeti ya 2007 inachedwa mpaka anthu anayamba kuchita zionetsero kuti idutse. Chilichonse ankachita kupempha. Koma funsani aliyense, ngakhale amene sankamukonda, akuuzani kuti zaka zimenezo ndi zimene anagwira ntchito: makuponi a feteleza, chimanga m'nkhokwe, ngongole zakunja kukhululukidwa mu 2006.

Mu 2009 anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 peresenti, aphungu ake n'kudzaza Nyumba. Munthu yemweyo, sukulu yomweyo, ndipo tsopano ali ndi zaka zisanu za kuphunzira ntchito. Chinatsatira n'chiyani? Mbendera kusinthidwa mu 2010. Lamulo lopatsa nduna mphamvu yotseka nyuzipepala. Mafuta kusowa. Anthu 20 kufa pa zionetsero za 20 July 2011. Ndipo kwathu kuno, doko la Nsanje, limene anatsegula mu October 2010 pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, pamene bwato la katundu loyembekezeka tsikulo linali litagwidwa ku Mozambique. Pitani lero mukaone simenti ija ndi anyamata akuwedza pambali pake. Kodi m'Nyumba yodzaza ija munalibe aphungu odziwa kuti Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambeziyo mpaka kunyanja ali m'dziko la eni? Analipo, ena okhalitsa kwambiri. Koma ndani akanadzuka?

Ndiye ine ndimati chimene chinasintha si luso la Bingu. Poyamba kunali Nyumba yotha kumukaniza, kachiwiri kunalibe.

Mbali inayo nayonso ilipo. Muluzi analowa upulezidenti akuidziwa Nyumba ngati kuchipinda kwake: phungu kuyambira m'ma 1970, nduna, mlembi wamkulu wa MCP. Kudziwa kumeneko kunamuthandiza kuyendetsa boma pa nthawi yovuta, sindikana. Koma mu July 2002 kunabwera bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. Atatu. Wodziwa Nyumba amadziwanso pofooka pake, amadziwa phungu amene ali ndi ngongole ndi amene akulota unduna. Apongozi anu akamati luso, awonjezere kunena kuti luso lochitira chiyani.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali china chimene chimandiwawa. Kodi tikamati wakhala phungu zaka zambiri, timaganiza kuti wakhala akuchita chiyani? Kuno kuchigwa phungu timamuyesa ndi mabokosi a maliro, galimoto yonyamula odwala, fizi ya ana, mpira ndi yunifolomu ya timu ya m'mudzi. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawa ndalama pokopa mavoti, koma m'mawa uliwonse pakhomo pa phungu pamakhala mzere. Ifenso tili ndi mbali yathu pamenepa.

Madzi atasefukira mu January 2015, ndinkathandiza kulemba mayina pamsasa wina, m'kalasi momwe mabanja ankagona mothithikana, mbuzi zili pakhonde. Madzi ataphwa, mafumu anandipempha kuti ndiwalembere kalata yopita kwa phungu wa dera lawo, munthu wokhalitsa m'Nyumba, yopempha zinthu ziwiri: dayiki yotchinga madzi osefukira, ndi malo akumtunda okhala ndi mjigo. Ndinailemba, mafumu anadinda, tinapita. Anatilandira bwino, zimenezo sindingamunamizire. Anatikhazika pamthunzi, anaitanitsa zakumwa zozizira, anawerenga kalatayo mpaka kumapeto. Kenaka anaipinda n'kuiika pansi pa foni kuti isauluke, n'kufunsa gulupu wamkulu kuti, "Gogo, ndamva kuti ng'ombe zanu zinapita ndi madzi, zinali zingati?" Potsazika aliyense anapatsidwa ya thiransipoti. M'minibasi mafumu ankamuyamikira kuti ndi munthu wa anthu. Ine ndinafunsa kuti nanga dayiki ija wanena kuti aikamba liti m'Nyumba, ndipo gulupu anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, inu mumafuna zonse tsiku limodzi."

Lamulo loyang'anira ngozi zogwa mwadzidzidzi limene tinkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo linali la 1991. Madzi a 2015 anabwera lili lomwelo. Namondwe wa Idai mu 2019, lomwelo. Namondwe wa Ana mu January 2022 anaphwasula damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima, lamulo lomwelo. Latsopano linadutsa mu 2023, Freddy atapha kale anthu mazanamazana. Zaka zonsezo Nyumba inali yodzaza ndi anthu aluso, ndipo ena mwa iwo amafuna upulezidenti potiuza kuti akhalitsamo. Anthu a ku East Bank akuwolokabe pa bwato chiyambire pamene madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997. Awuzeni amenewo za luso, muone mmene akuyang'anireni. Kukhalitsa pamsika wa ng'ombe pa Ngabu sikusandutsa munthu mbusa. Ena amangodziwa mitengo.

Ndikamalemba zimenezi mtima umakwera, ndipo ndifika ponena kuti munthu akayamba kampeni yake ndi kuwerenga zaka zimene wakhala m'Nyumba, ine ndimayamba kumukayikira. Amene anachitamo kanthu amatchula kanthuko.

Pamene apongozi akukhoza

Komabe musawatenge ngati sadziwa kanthu. Pulezidenti sangagwiritse ntchito ndalama za boma popanda aphungu kuvomereza bajeti. Mkulu wa makhothi, mkulu wa apolisi ndi mkulu wofufuza za ndalama za boma amadikira Nyumba kuti iwatsimikize, ndipo mkulu wa ACB, bungwe lolimbana ndi katangale, amadutsa kukomiti ya aphungu. Bilu ikadutsa, pulezidenti amakhala ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze ndi zifukwa, ndipo aphungu akaidutsanso motsatira ndondomeko, ayenera kusaina. Tsopano onjezani kavotedwe kathu. Mu 2019, pa mipando 193, aphungu oima paokha anatenga 55. Mipando pano yafika 229. Chigamulo cha khothi cha 3 February 2020 chinati pulezidenti azipambana ndi mavoti opitirira theka, koma sichinamulonjeze theka la aphungu. Munthu wochokera kukampani, amene anazolowera kuti akalamula zichitike, akhoza kudabwa kuti m'Nyumba mulibe amene angamuchotse ntchito. Pamenepo apongozi ali ndi mfundo.

Kungoti maphunziro amenewa sapezeka m'Nyumba mokha. Wotsogolera mpingo waukulu, bungwe la ogwira ntchito kapena la alimi amakanizidwa ndi komiti yake mwezi uliwonse. Ndipo amene anadutsa m'Nyumba sanatuluke ofanana. Joyce Banda anali phungu wa Zomba Malosa ndi nduna, koma Cashgate inaphulika mu 2013 iye ali pampando. Peter Mutharika analowa m'Nyumba mu 2009 ngati phungu wa Thyolo East atakhala zaka zambiri akuphunzitsa malamulo ku America. Lazarus Chakwera anachoka kuguwa la Assemblies of God mu 2013, chaka chotsatira n'kukhala phungu ndi mtsogoleri wa otsutsa. Aliyense wa awa mukhoza kumuyamikira kapena kumudzudzula, koma sindinamvepo munthu woona mtima akunena kuti zabwino kapena zolakwa zawo zinachokera pa chiwerengero cha zaka za uphungu. Malemu Saulos Chilima sanakhalepo phungu, anachokera ku Airtel, ndipo anasankhidwa kawiri kukhala wachiwiri kwa pulezidenti.

Za madigiri ndisayambe n'komwe. Kamuzu, Bingu, Peter, Chakwera, onse ophunzira kwambiri. Ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira ija, imene akulu athu anaimva kalekale ngati nthano, yayamba kukumbidwa zaka zaposachedwapa, ndipo alimi a thonje akulirabe ndi mitengo chaka ndi chaka.

Tsono muwauze chiyani?

Musatsutsane nawo zoti uphungu ndi wachabe, chifukwa si wachabe. Avomerezeni, kenaka muwapemphe kuti atchule bilu imodzi, funso limodzi kwa nduna kapena lipoti limodzi la komiti limene munthu wawoyo analimbikira, makamaka lokhudza chigwa chino. Zokamba za aphungu zimalembedwa mu Hansard, si zobisika. Inunso mukonzeke, chifukwa adzakubwezerani funso: wanuyo anayendetsapo chiyani chokhala ndi ndalama za anthu ena, anachisiya chili bwanji, ndipo anthu amene anamukanizapo ali kuti lero? Ngati onse anathamangitsidwa, ganizani kawiri. Muonenso ngati ali ndi chipani chotha kumupezera aphungu, kapena adzachita kuwagula akalowa.

Ndipo nonse awiri muyang'ane amene wamusankha kukhala wachiwiri wake, chifukwa ambiri timangoona kuti akuchokera chigawo chiti, ngati mmene kuno tinkakambira za malemu Sidik Mia pamene anaima ngati wachiwiri kwa Chakwera mu 2019. Bingu anamwalira pa 5 April 2012, ndipo pa 7 April wachiwiri wake, Joyce Banda, anali atalumbira kale kukhala pulezidenti.