Njinga ya track yobwerekayo musaikwere, achimwene

Achimwene, njinga imeneyo abwezereni eni ake, musaikwere Loweruka. Ndangowerenga zoti mkulu wa m'kalabu mwanu wakubwerekani njinga yake yakale ya track, ndiye akuti mukalowe nawo pa velodrome, bwalo lozungulira la mipikisano ya njinga lomwe timalitchanso track, tsiku lomwe kalabu yachita hayala, za maphunziro a accreditation, opezera chilolezo chokwera pa track, mudzaziona pambuyo. Mtima wanga wachita kuti phaa, chifukwa mawu omwewo ndi amene anandiuza ine. Anzathu akukuyankhani pamwambapa kuti pitani basi njinga ndi njinga, sanayambe aimapo pansi pa khona ya velodrome n'kuyang'ana m'mwamba. Ya ku Manchester ija, yomwe inatsegulidwa mu 1994, kuzungulira kwake ndi mamita 250, matabwa ake ndi a paini wa ku Siberia, ndipo m'makona imapendekeka madigiri pafupifupi 42. Ma velodrome ena a m'nyumba kuno ku UK ndi ofanana nayo. Njinga ya track ilibe mabuleki, giya ndi imodzi, tayala likamazungulira mapedulo nawo amazungulira, simungapumitse miyendo. Chomwe chimakugwirani pa thabwa lopendekeka lija ndi liwiro lanu ndi kachigawo kakang'ono ka tayala basi.

Ine ndinalowa kalabu nditadutsa kale zaka 40, monga inuyo. Ndinkachita ma time trial, mipikisano yoti aliyense amapalasa yekha n'kumuwerengera nthawi, madzulo m'nyengo yotentha, kenako kuzizira kunafika, mipikisano ya pamsewu inatsekedwa, kalabu n'kulipira track kuti anthu asafooke miyendo. Ndinalibe njinga yake. Bambo wina wa mukomiti, munthu woti wakhala m'kalabumo zaka zambirimbiri ndipo aliyense amamupatsa ulemu, anati usavutike ndi kulipira ya hayala, ndili nayo ina ikungokhala m'galaja. Anabwera nayo yopukutidwa bwino, fulemu yachitsulo yonyezimira, tcheni chothira oyilo. Matayala ake anali a tubular, aja osokedwa chubu chili m'kati, amene amachita kumatidwa pa limu ndi guluu. Ndinamufunsa ngati matayalawo ali bwino. Anangodinda ndi chala pamwamba n'kunena kuti mpweya ndi wokwanira. Kochi atafika poyendera njinga, bamboyo anamudula pakamwa kuti iyi ndi yanga ndikuidziwa, kochi n'kupitirira kwa ena poti anthu anali ambiri.

Tinayamba bwino. Anatiyika pamzere umodzi, wina kumbuyo kwa mnzake, tikuyenda pa mzere wabuluu uja uli pakatikati. Wakutsogolo akatha gawo lake amayang'ana kumbuyo pa phewa lamanja, amakwera m'mwamba, anzake amadutsa pansi pake, iye n'kutsikira kumchira. Itafika nthawi yanga ndinayang'ana, kunalibe munthu, ndinakwera. Kumwamba kuja liwiro limatsika pang'ono ndipo tayala limakankhidwira m'mbali. Ndinangomva kuti phwa! kutsogolo, mahandulo n'kupepuka m'manja. Tayala linali lavuka pa limu, lakodwa m'foloko, limu likukanda matabwa. Sindinagwe kamodzi n'kutha ayi. Phewa linamenya thabwa, chipewa choteteza mutu chinang'aluka, kenako ndinayamba kutsetsereka kutsika khona yonse ija, phazi limodzi likadali lokoleka pa pedulo, njinga ikundikoka mwendo. Ndinkawaona anzanga akubwera pansi panga, matayala akudutsa pafupi ndi nkhope, anthu akukuwa. Mayi wina wa zaka za m'ma 60, yemwe anali chakumchira, analibe kothawira. Anandigunda m'nthiti, anauluka pamwamba panga n'kukagwera dzanja.

Ndinakaima pa kamzere ka buluu wowala ka pansi penipeni. Mpweya unkakana kulowa. Chimene sindiiwala ndi fungo, fungo la nsalu ya kabudula itapsa ndi kukhuzika pa thabwa, yamatirira pakhungu. Ntchafu yonse ndi chigongono zinali zosupuka, zoyera kaye kenako magazi n'kuyamba kutuluka timadontho. Nditayesa kudzuka ndinamva fupa la paphewa likukhulana lokhalokha m'kati, dzanja likungolendewera. Pambali panga mayi uja anakhala pansi atagwira mkono wake, ali chete, milomo itayera. Ine ndikugona pamenepo, mwini njinga anadutsa pa ine n'kukatola kaye njinga yake, n'kumaizunguza kuona ngati fulemu yapindika. Ndinamuona ndi maso angawa.

Mnyamata wina wodziwa za njinga anatenga wilo lija n'kutisonyeza. Guluu wa pa limu anali wouma gwa, wofiirira, akuyoyoka ngati nkhoko za m'poto wa nsima ya dzana. Anagwira tayala lakumbuyo, analikankha ndi zala ziwiri zokha, nalo linasendeka. Tayala lomatidwa bwino munthu amachita kulimbana nalo mpaka zala kutupa kuti alichotse. Ndiye kuti matayalawo anamatidwa kalekale, njinga yakhala ikuzizidwa ndi kutenthedwa m'galaja zaka ndi zaka, ndipo munthu woti wapalasa pa track moyo wake wonse ankadziwa bwino lomwe kuti guluu amakalamba. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma iyi inabwera ili yoguluka kale.

Kuchipatala namwino anakhala nane nthawi yaitali akuzula tizibenthu ta matabwa m'ntchafu ndi kapani, kamodzikamodzi, tina titalowa mopingasa pansi pa khungu. Fupa anati lathyoka, anandimanga dzanja pakhosi. Mayi uja dzanja linathyokera pamfundo, anamuyika pulasitala. Tsono inu mukudziwa ntchito zomwe ambiri a ife timagwira kuno. Ine ndimasamalira okalamba, kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, ndipo nthawi imeneyo ndinkadzera ku ejensi. Dzanja limodzi simungagwire ntchito imeneyo. Mashifiti anatha tsiku lomwelo, kandalama ka odwala kanali kosakwana ngakhale lendi. Kumudzi fizi ya mwana wa mchemwali wanga inali ikudikira ine, mayi anga akuyimba kufunsa za feteleza, ine ndikulephera kuwauza kuti ndavulala pa masewera a njinga. Mayi a kunyumba anawonjezera mashifiti a usiku, m'mawa n'kumandithandiza kuvala malaya.

Ndili m'mavuto amenewo, uthenga unalowa pafoni. Ndinaganiza kuti bamboyo akufunsa za phewa. Ayi ndithu, ankafuna ndalama ya wilo, akuti limu inawonongeka ndipo mawilo otero sapezekanso. Mawu oti pepa analibemo. Ndinalembera komiti, ndinatumiza ndi zithunzi za guluu uja. Yankho lawo linali loti ngozi zimachitika pa track, aliyense amakwera podziwa zimenezo, komanso mwina ndinakwera khona liwiro lili lochepa monga achitira achilendo. Taonani, munthu woterereka chifukwa cha liwiro lochepa tayala limakhalabe pa limu, amene amapalasa onse akudziwa. Anangofuna kuteteza mnzawo amene amamwa naye tiyi, amene amagwira wotchi pa mipikisano yawo, poti akachoka iyeyo asowa wina wodzuka m'mamawa kukaima pamsewu. Ine ndinali mlendo, wobwera dzulo, dzina langa lomwe ankalephera kulitchula. Mnyamata anasenda tayala uja atafunsidwa anati sakufuna kulowerera. Zinandiwawa kuposa fupa, ndipo mpaka lero ndikamuona bamboyo atanyamula wotchi yake m'mimba mumatentha. Wilo sindinalipire, ndipo sindidzalipira.

Inshuwalansi nayo musaidalire musanaiwerenge. Yanga inali yolipira ngati ine ndavulaza munthu wina kapena ndaononga katundu wake, za thupi langa ndi malipiro otayika munalibe. Fufuzani pepala lanu lero, muone ngati muli gawo la kuvulala kwa inu mwini.

Track ngati mukuifuna, ilowereni pakhomo. Ku Manchester, Derby, Newport, Glasgow ngakhale Lee Valley ku London amakhala ndi kalasi ya oyamba kumene, amakupatsani njinga yawo yomwe amakaniko awo amaiyendera, kochi amakuyambitsani pansi pogwira chitsulo, kenako mumakwera masitepe mpaka kupeza accreditation. Kumeneko n'komwe mumaphunzira kuti mzere wakuda, wofiira ndi wabuluu ntchito yake n'chiyani, kuti simudutsa munthu chamkati, kuti pochepetsa liwiro mumakwera m'mwamba pang'ono m'malo moumitsa miyendo. Ngati muli cha ku London yambirani ku Herne Hill, ndi yapanja, yaitali pafupifupi mamita 450, makona ake ndi ofatsa. Ndi yakale, ya 1891, inachititsako mipikisano ya Olympics mu 1948, koma oyamba amaphunzira bwino pamenepo kusiyana ndi pa matabwa.

Koma kunena zoona, pa msinkhu wathuwu yambani ndi time trial. Mumanyamuka nokha, wina aliyense patapita mphindi imodzi, kubisala kumbuyo kwa mnzanu n'koletsedwa, ndiye palibe wokugwetsani kapena woti inu mumugwetse. Pitani pa ya mamailosi 10 ya madzulo ya kalabu, njinga yanu ya pamsewu yomweyo ndi yokwanira, masiku ano a Cycling Time Trials, bungwe loyendetsa mipikisanoyi, ali ndi gulu lakelake la njinga wamba za pamsewu. Chipewa, nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo zoyaka, popanda zimenezo sakulolani kunyamuka. Pa mipikisano ikuluikulu mumasayina potenga nambala, mumasayinanso pobweza, mukaiwala nthawi yanu siwerengedwa. Cholinga choyamba chikhale kutsika pansi pa mphindi 30, ndiko kuti mamailosi 20 pa ola. Pambuyo pake mudzalota zomaliza mamailosi 25 ola lisanakwane, lomwe ndi loto la aliyense m'makalabu muno. Poti mwadutsa zaka 40 lowaninso Veterans Time Trials Association, iwo amawerengera nthawi yanu molingana ndi zaka, moti gogo wa zaka 70 akhoza kukuposani pa zotsatira ngakhale munamudutsa panjira. Mudzadabwa ndi mayina a misewu yake, ndi zilembo ndi manambala okhaokha. Zinachokera kale, pamene mipikisano ya pamsewu inkadedwa ndi apolisi, anthu ankanyamuka m'bandakucha atavala zakuda kuti asaonekere, kuyambira m'zaka za m'ma 1890.

Nayonso time trial si yopanda ngozi, ndisakunamizeni. Misewu yomwe anthu amaikonda chifukwa cha nthawi zabwino ndi ija ikuluikulu ya mizere iwiri mbali iliyonse, malole akukudutsani mphepo yake n'kumakukokani. Anthu avulalapo koopsa chifukwa choweramitsa mutu kufuna masekondi, n'kukalowa kumbuyo kwa galimoto yoima. Sankhani ya m'misewu ya kumidzi kaye ngakhale ili ndi zitunda, maso patsogolo nthawi zonse.

Kalabu musaisiye chifukwa cha zomwe ndanenazi. Ine ndinatuluka m'kalabu ija ndi mkwiyo, ndinakhala ndikupalasa ndekha, ndipo zinali zowawa, munthu sulimba wekha m'nyengo yozizira ya kuno. Amene anandibweza ndi mayi yemwe ndinamuthyoletsa dzanja uja. Anabwera kunyumba ali ndi pulasitala, atanyamula keke, sanandiimbe mlandu ngakhale pang'ono, ndipo ndi yekhayo amene anaima pamsonkhano n'kunena za guluu. Iye ndi amene anandifotokozera za Beryl Burton, yemwe mu 1967 anapalasa mamailosi 277.25 m'maola 12, kuposa rekodi ya amuna ya nthawi imeneyo, ali mayi wapabanja wogwira ntchito kumunda. Anandilowetsa m'kalabu ina, ndipo mawilo amene ndikuchitira time trial panopa ndi ake, anandibwereka. Zipangizo za masewerawa n'zodula kwambiri, wilo limodzi la disc, lija lotsekeka lopanda masipoko, likhoza kudya malipiro a mwezi, ndiye popanda akuluakulu obwereketsa ife sitingafikeko. Wina akakupatsani chinthu landirani ndi manja awiri, musachite manyazi. Kungoti chilichonse chomatidwa ndi guluu chikadutse kaye kwa makaniko wa kushopu amene sakumudziwa mwini wake, ndipo mugwirizane pa uthenga wolembedwa kuti chikaonongeka alipira ndani.

Ndipo track ndinabwererako, ndinachita masitepe onse, pano nyengo yozizira ikafika ndimachita kuwerenga masiku. Palibe galimoto, palibe maenje, palibe mvula, ukatsika khona uli kumbuyo kwa anzako njinga imachita kudzikoka yokha. Mipikisano ya masters, ya anthu achikulire, amagawa m'magulu a zaka zisanu zisanu, mudzapikisana ndi amsinkhu wanu, ndipo ya pursuit mumanyamuka awiri okha mbali zosiyana, palibe wokukhudzani. Mukachedwa mudzadandaula, lembetsani kalasi yoyamba mwezi uno.

Ngati mkuluyo akhumudwa kuti mwakana njinga yake, muuzeni kuti kochi wa ku velodrome akufuna oyamba akwere za pamalopo, nkhani ithere pompo. Tiuzeninso tauni yomwe mukukhala, muno muli anthu angapo amene amachita ya mamailosi 10, wina akhoza kukuperekezani tsiku loyamba n'kukumangirirani nambala kumsana, chifukwa nokha ndi mapini aja simungathe.