Achimwene anapulumutsa ana pamtsinje, nanga mendulo ija timamvayi imachokera kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Salima, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditchule. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: mu Febuluwale mvula itagwa masiku atatu osakata, ana awiri akuweruka kusukulu anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje, ndiye achimwene a mayiwa, omwe amapalasa kabaza, anangoponya njinga pansi nkulumphira m'madzimo, ana onse awiri anawatulutsa amoyo koma iwowo chitsa chinawang'amba mwendo moti mpaka pano njinga sakupalasa. Funso lawo linali loti, "Kodi zija timamva zoti kunja anthu otere amapatsidwa mendulo ndi zoona? Amapereka ndani, nanga imabwera ndi kangachepe kapena ndi chitsulo chabe? Ife kuno tinangolandira zikomo ndi nkhuku imodzi kuchokera kwa makolo a anawo."

Achemwali, choyamba mukawapatse moni achimwenewo, muwauze kuti kuno tawavulira chipewa. Komanso nkhuku ija musaipeputse ayi, mu Febuluwale mmene njala imavutiramu munthu akagwira nkhuku nkukupatsa ndiye kuti wapereka zomwe anali nazo.

Tsono yankho ndi loti eya, ndi zoona, mamendulo otere alipo ndipo ena ndi akalekale. Ku London kuli bungwe la Royal Humane Society lomwe linayamba mu 1774, poyamba nkhani yawo inali yotsitsimutsa anthu omira m'madzi, mpaka lero amapereka mamendulo ndi masatifiketi kwa anthu opulumutsa anzawo. Mu 1940 nkhondo ili mkati mabomba akugwa mu London, mfumu George VI inakhazikitsa George Cross ndi George Medal kuti anthu wamba olimba mtima nawo azilemekezedwa osati asilikali okha apankhondo. Awo ali ku Joni mwina anamvapo za Order of Mendi for Bravery yomwe amapereka pulezidenti wa South Africa, dzina lake linachokera ku sitima ya SS Mendi yomwe inamira pa 21 Febuluwale 1917 nkupha anthu oposa 600, ambiri mwa iwo anthu akuda omwe amapita kukagwira ntchito kunkhondo ku France. Koma ine ndikufuna ndikhalitse pa mendulo imodzi, ya Carnegie, chifukwa ndi imene ikuyankha bwino funso lanu lija la chitsulo ndi kangachepe.

Pa 25 Januwale 1904 mgodi wa malasha unaphulika ku Harwick, kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh ku America. Anthu 181 anafa. Mwa anthu amenewa, awiri sanali mumgodimo pomwe kumaphulika, anali kunja ali bwinobwino. Wina anali injiniya dzina lake Selwyn Taylor, winayo Daniel Lyle, wokumba malasha yemwe anabwera atamva kuti pakufunika anthu othandiza. Anatsikira mwa kufuna kwawo kudzenje kuja kukasaka opulumuka, mpweya woipa unawapeza komweko, onse awiri anamwalira nkusiya mabanja. Andrew Carnegie, mkulu wolemera kwambiri uja wa mafakitale azitsulo, atamva nkhaniyi inamukhudza, anapangitsa mamendulo okapereka ku mabanja awiriwo ndipo mu Epulo chaka chomwecho anapatula madola 5 miliyoni kuyambitsa thumba lomwe limatchedwa Carnegie Hero Fund. Ndisakunamizeni kuti mkuluyu anali mngelo, mu 1892 pa fakitale yake ya Homestead anthu anafa pomwe ogwira ntchito ananyanyala, ndipo banga limenelo silinamuchoke. Koma pa nkhani iyi yokha anaganiza bwino kuposa maboma ambiri.

Chomwe ananena iyeyo chinali choti sakuyembekezera kuti ndalama zake zipangitsa munthu kukhala wolimba mtima, poti wolumphira m'madzi kapena m'moto sakhala pansi kaye nkuwerengera, zimangochitika, koma ngati munthuyo wavulala kapena wafa populumutsa mnzake, iye ndi omwe amadalira iyeyo asavutike ndi umphawi chifukwa cha zimenezo. Mwamva pamenepo? Achimwene anu ndendende. Ndiye chifukwa chake mendulo ya Carnegie imabwera ndi ndalama, madola masauzande angapo, ndipo pamwamba pake thumbali limatha kulipira sukulu, kuthandiza wovulala yemwe sangagwirenso ntchito, ngakhale kumapereka thandizo kwa amasiye zaka ndi zaka. Mpaka pano apereka mamendulo oposa 10,000, ndipo chomwe chimandiwawa ine nchoti pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse mendulo yake amalandira ndi achibale chifukwa mwiniwake anafera pompo. M'mphepete mwa menduloyo analembamo mawu a pa Yohane 15:13, aja onena kuti palibe chikondi choposa cha munthu wotaya moyo wake chifukwa cha abwenzi ake.

Komatu sapereka mwachisawawa. Munthuyo akhale wamba yemwe sinali ntchito yake kupulumutsa, akhale kuti anachita mwa kufuna kwake, anaikadi moyo wake pachiswe osati kungoima kumtunda nkumakuwa, nkhani ifike kwa iwo zisanathe zaka ziwiri, ndipo pakhale umboni wogwirika. Ali ndi anthu awo ofufuza omwe amafunsa mboni, apolisi, achipatala, kufuna kudziwa kuti madzi anali akuya bwanji, amathamanga bwanji, munthuyo amadziwa kusambira kapena ayi. Ambiri omwe mayina awo amaperekedwa samapata mendulo. Ndipo apa ndikuuzeni chilungamo kuti musataye ndalama ya bandulo kulemba makalata, thumba la ku Pittsburgh limaona zochitika ku America ndi Canada basi, ena omwe Carnegie anakhazikitsa pambuyo pake ali ku Britain ndi mayiko ena a ku Ulaya. Za pamtsinje ku Salima sizingalowe kumeneko. Wina akakuimbirani foni kuti tumizani ndalama ya fomu tikutengereni mendulo ya kunja, ameneyo ndi wakuba.

Pali nkhani ina yomwe ambiri munaiona pa Facebook ndi pa WhatsApp. Pa 26 Meyi 2018 ku Paris, mwana wa zaka 4 amalendewera kukhonde la nyumba yosanja, pansi anthu adzaza akukuwa, magalimoto akuliza mahutala. Mnyamata wa ku Mali wa zaka 22, Mamoudou Gassama, yemwe analibe ngakhale mapepala okhalira mdzikomo, anawoloka msewu nkuyamba kukwera ndi manja okha, kugwira chitsulo cha khonde ili, kudzikoka, kuponda, kugwiranso la pamwamba pake, nsanjika zinayi osakwana ndi mineti yomwe, kufika paja nkumugwira mwanayo pamkono kumukokera mkati. Ine vidiyo imeneyo ndinaibwereza kambirimbiri ndipo nthawi zonse m'manja mumatuluka thukuta. Patangotha masiku awiri anali atakhala pampando kunyumba ya boma ya Élysée ndi pulezidenti Emmanuel Macron, anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima, anamulonjeza unzika womwe anapatsidwadi chaka chomwecho, komanso malo ku gulu la ozimitsa moto la Paris. Anayeneradi zonsezo, palibe angatsutse. Koma dzifunseni, pakanapanda munthu wojambula ndi foni pansi paja, bwenzi Macron atamudziwa? Mnyamata yemweyo dzulo lake akanakumana ndi apolisi akanatha kumugwira chifukwa cha mapepala. Kusiyana kwa Gassama ndi achimwene anu si mtima ayi, ndi kamera.

Kwathu kuno anthu otere ndi ambiri zedi kungoti sitiwalemba. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ku Nsanje ndi Chikwawa, asodzi ndi eni mabwato amapalasa kukatsitsa anthu m'mitengo ndi pa zulu thandizo la boma lisanafike. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, oyamba kukumba anali anyamata a m'makomo momwemo ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieni, mvula ikugwabe phiri likanathanso kutsika nthawi iliyonse. Anthu oposa 1,000 anafa mdziko muno ndi namondwe ameneyu, koma opulumuka nawo alipo ambiri ndipo aliyense ali ndi munthu yemwe anamukoka. Mayina a okokawo ali kuti? Timawadziwa pamudzi pokha, mwezi umodzi iwiri, kenako nkhani yazilala, munthu watsala ndi chilonda chake. Ulemu wa boma tikamaumva nthawi zambiri umagwera anthu odziwika kale, andale, oimba, amasewera, sindikuti ndi zolakwika koma wakabaza wa ku Salima ndani angamutchule kumeneko ngati nkhani yake sinalembedwe paliponse.

Ndiye mukandifunsa kuti tipange chani, ine ndinganene kuti yambani ndi pepala, lero lomwe anthu asanaiwale. Lembani tsiku, nthawi, dzina la mtsinje ndi malo enieni owolokerawo, mmene madzi analiri, ndani anaona. Mboni ziwiri zitatu zisaine kapena zidinde chala, makolo a anawo nawo alembe mawu awo, amfumu adindepo chidindo, aphunzitsi aakulu a sukulu ya anawo alembe kakalata, ndipo kabuku ka kuchipatala komwe analembamo za mwendowo mukasunge ngati ndalama, mukajambulenso pafoni. Zikakwana pitani nazo kwa khansala wanu ndi ku ofesi ya DC, kopi ina kwa mtolankhani wa wailesi ya m'dera lanu. Sindingakulonjezeni kuti mendulo ibwera, koma nkhani yolembedwa yokhala ndi mboni imayenda, imafika kwa anthu akufuna kwabwino, kumipingo, kumabungwe, pomwe nkhani ya pakamwa imathera pa chigayo.

Ndipo pokapempha musachite manyazi kutchula chomwe chikufunikadi. Mwendo upole bwino, ngati chilonda chikutulukabe mafinya kapena akulephera kuponda abwerere kuchipatala asadikire, ana awo asasiye sukulu, pakhomo pakhale ufa kufikira atayambanso kupalasa. Mendulo yopachika pakhoma ndi yabwino, mwana wawo adzailoza tsiku lina nkunena kuti adadi anachita izi, ndipo ine ndikufunitsitsa atailandira, koma pa thumba la Carnegie chomwe chinasunga mabanja ndi ndalama ya sukulu ndi ya amasiye ija.

Chinanso kwa nonse mukuwerenga, makamaka anyamata, poti mvula ibweranso. Munthu womira amagwira chilichonse ndi mphamvu zoopsa, akakukolekera pakhosi mumira nonse awiri ngakhale utadziwa kusambira chotani. Ngati pali nsungwi, chingwe, chitenje, chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, yambani mwaponya chimenecho muli kumtunda, kulowa m'madzi kukhale komaliza. Achimwene a mayiwa analibe nthawi imeneyo, ana anali awiri madzi akuthamanga, anachita zomwe anachita ndipo Mulungu anawasunga.

Achemwali, mukamaliza kulemba pepala lija nditumizireni pa imelo yomweyi, ndipo afunseni achimwenewo ngati angalole kuti dzina lawo ndi chithunzi ndiziike pano, akavomera nkhani yawo ndiilemba yonse payokha. Mundiuzenso kuti njinga ija inapezeka kapena inapita ndi madzi.