Fire piston yanu ikukana kuyaka? Yambani mwaona zinthu izi

Wowerenga wina watilembera imelo kuti anapanga fire piston (chida choyatsira moto popanikiza mpweya) ndi paipi ya mkuwa yotalika masentimita 15, m'kati mwake mamilimita 14, ndodo ya mtengo ndi mphete ya labala. Akuti amaika thonje louma kunsonga ndi kukankha mpaka dzanja kuwawa, koma ngakhale utsi sutuluka. Akufunsa ngati chidachi chimayatsadi moto kapena ndi bodza la pa intaneti.

Chimayatsa, achimwene. Anthu a ku Borneo, Sumatra ndi Philippines ankachipanga ndi nsungwi, mtengo kapena nyanga, ndipo ku England ndi ku France chinalembetsedwa kuboma ngati chida chatsopano mu 1807, machesi asanachilande malo. Mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha, ngati mmene pampu ya njinga imatenthera kumunsi mukamapopa. Injini ya dizilo imayatsa mafuta mwa njira yomweyi. Chofunika n'chakuti mpweya uchepetsedwe pafupifupi ka 25 m'kuphethira kwa diso, kuti kutentha kupitirire madigiri 260 a Celsius. Mukachedwa, kutenthako kumathawira m'chitsulo.

Vuto lanu loyamba ndi kukula kwa paipi. Mphamvu imene dzanja limafunika imayenda ndi kukula kwa nkhope ya pisitoni (ndodo yokankhira mpweya ija), ndiye paipi ya mamilimita 14 imafuna mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya mamilimita 10. Ife tikanasankha ya mamilimita 9 kapena 10, yakuya masentimita 10 mpaka 12. M'kati mukhale mosalala: kulungani sandipepa wosalala kwambiri pa kamtengo, mupukute mpaka muwale, ndipo kukamwa kwa paipi mupale pang'ono ndi tupa kuti kusadule labala polowa. Paipi ya pulasitiki yopyapyala isiyeni, imatha kuphulika m'manja.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa, ndi mpata umene umatsala pisitoni ikafika pansi. Ngati ndodo imayenda mamilimita 120, mpweya wonse uyenera kuthera m'malo osaposa mamilimita 5. M'mamilimita 5 amenewo muwerengeremo kabowo ka kunsonga kwa ndodo koikamo chokolezera moto, komanso kampata kozungulira ndodo kuchokera pa labala kufika kunsonga. Choncho kabowoko kakhale mamilimita 5 m'lifupi ndi 5 kuya, labala ikhale pafupi ndi nsonga, mamilimita 6 kapena 8 basi, ndipo chogwirira chikagunda kukamwa kwa paipi nsonga itsale mamilimita 2 kapena 3 kuti ikhudze pansi. Yezani ndi kawaya kuya kwa paipi, muyerekeze ndi ndodo. Chotsekera cha mkuwa cha pansi pa paipi nthawi zambiri chimasiya kachipinda kobisika ngati paipi sinalowe mpaka kumapeto. Thirani guluu wolimba wa epoxy pang'ono pansipo, paipi itaima chilili, kuti pakhale pafulati. Ikauma dulani ndodo molingana.

Kenako kudontha kwa mpweya. Pakani Vaseline pang'ono pa labala, mulowetse ndodo popanda chokolezera, mukankhe mpaka theka n'kusiya. Iyenera kubwerera yokha ngati pali sipuling'i, ndipo potuluka ilire kuti phu. Ikangokhala pomwe mwaisiya, mpweya ukuthawa. Mizani mbali yotsekayo m'madzi mukukankha: thovu likaoneka, chotsekera sichinamatidwe bwino. Likapanda kuoneka, vuto ndi labala. Kamzere ka pa ndodo komwe labala imakhala kakhale kosalala ndi kakuya mofanana kuzungulira konse. Njira yosavuta ndi kumanga ndodo pa dirilo, n'kuigunditsa tupa ikuzungulira, pang'onopang'ono, mukuyesa labala kawirikawiri. Kakazama kwambiri, kulungani ulusi pansi pake kuti labala ikwere. Ndodo ya mtengo wofewa imadutsitsa mpweya m'mitsempha yake, choncho sankhani mtengo wolimba, ndipo nsonga muimate guluu wopyapyala.

Thonje lanulo ndiye lichotseni. Limatha kungoti ng'ani n'kuzima osasiya khala. Chimene chimagwira bwino ndi nsalu yowotcha. Dulani nsalu ya thonje lenileni, yopanda nayiloni, m'tizidutswa ta masentimita 3, muike m'kachitini kotseka bwino kamene mwaboola kabowo kamodzi ndi msomali pachivindikiro. Ikani pamoto. Utsi uzituluka pabowopo kwa mphindi zingapo. Ukasiya, chotsani chitini, tsekani bowo ndi kamtengo, ndipo musatsegule mpaka chitazizira, apo ayi nsalu yonse ipsa kukhala phulusa. Yabwino imakhala yakuda bii ndipo simanyenyeka mukaigwira. Ikatuluka yofiirira, ibwezeni pamoto. Isungeni mouma, chifukwa chinyezi pang'ono chabe chimakwana kuti ikane.

Poyatsa, pindani kachidutswa kakang'ono mulowetse m'kabowo, kagwire kosagwa koma musakatsindire, ndipo timaulusi tituluke pang'ono kunsonga. Samalani kuti Vaseline wa m'zala asakhudze nsaluyo. Lowetsani ndodo mpaka labala itangobisika, osapitirira, kuti mpweya ukhale wambiri. Tsamiritsani paipi pa chinthu cholimba, mumenye chogwirira kamodzi ndi chikhatho mpaka chifike pansi. Ndi kumenya, osati kukankha. Chogwiriracho chikhale chachikulu ndi chobulungira, chifukwa dzanja likamaopa kupweteka limabweza mphamvu lokha.

Mukangomenya, solani ndodo nthawi yomweyo. M'katimo mpweya ndi wochepa kwambiri ndipo khala limazima mukazengereza. Mukaona kadontho kofiira, uzirani pang'ono, mukachotse ndi kamtengo kosongoka n'kukaika pakati pa udzu wouma wofikisa umene mwakonzeratu. Pindani udzuwo mozungulira khala, muuzire motalika koma mofatsa mpaka lawi litabuka.

Mukalephera kangapo motsatizana, tulutsani ndodo yonse kuti mulowe mpweya watsopano, pukutani mwaye ndi Vaseline wotsalira pansi ndi kansalu, ndipo muike chokolezera china. Petulo kapena mafuta ena oyaka musawathire m'paipi ngakhale dontho, amaphulika n'kuponya ndodo kumaso.