Kodi ndani amasintha Python, nanga cgi aichotseranji?

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri pamodzi. Mwati pulogalamu yanu yolandira mafomu a pa intaneti inkayenda bwinobwino kwa zaka, koma mutaika Python 3.13, chinenero cholembera mapulogalamu, pa laputopu yatsopano ikungoima pa mzere wa import cgi n'kulemba ModuleNotFoundError, kutanthauza kuti siikupeza cgi, module (kagawo ka code kokonzedwa kale) yowerengera mafomuwo. Kenako, mtima utakwera, mwafunsa kuti amene amangosinthasintha Python ndi ndani, ndipo chinthu choti chikugwira ntchito amachichotsa chifukwa chiyani. Ndiyamba ndi funso lachiwirili, chifukwa mukalimvetsa loyamba lija lipepuka lokha.

Chimene mumachitcha Python pa kompyuta yanucho nachonso ndi pulogalamu, ngati yanu yomweyo, kungoti ndi yaikulu. Dzina lake ndi CPython, ndipo inalembedwa mu C ndi mu Python momwemo. Guido van Rossum anayamba kuilemba ku Amsterdam mu Disembala 1989, n'kuitulutsa kwa anthu mu Febuluwale 1991. Code yake yasamuka nyumba kangapo, kuchoka ku CVS kupita ku Subversion, kenako Mercurial, mpaka mu 2017 inafika pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo code, komwe ili lero. Aliyense akhoza kuitsegula n'kuwerenga. Ngakhale tsiku limene fayilo ya cgi.py inachotsedwa mukhoza kulipeza, ndi dzina la amene anaichotsa.

Osamalira code imeneyi amatchedwa ma core developer. Ambiri ndi anthu ongodzipereka amene amagwira ntchitoyi akaweruka kwawo, ena makampani awo amawapatsa nthawi. Bungwe la Python Software Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 2001, linayamba kulipira munthu woti azigwira ntchitoyi tsiku lonse mu 2021, ndipo woyamba anali Łukasz Langa. Taganizani, zaka 30 chinenero chimene mabanki ndi masukulu aukachenjede amadalira chikusamalidwa makamaka ndi anthu ongodzipereka.

Munthu akapeza bug, kutanthauza cholakwika mu code, amailemba pa GitHub. Wina, kaya core developer kaya inu nomwe, amalemba chikonzero n'kuchitumiza ngati pull request, pempho loti chilowetsedwe mu code, pamodzi ndi test yosonyeza kuti vutolo latha. Kenako makina amayendetsa ma test onse a chinenerocho, ndipo pali makompyuta ena otchedwa ma buildbot amene amayesa pa Windows, Linux, macOS ndi makina ena achilendo amene ambirife sitinawaonepo. Core developer akakhutira, chikonzerocho chimalowa kaye mu nthambi yaikulu yotchedwa main, momwe mukumangidwa Python ya chaka chamawa. Kuchokera mmenemo ndi pomwe amachitengera ku ma version akale amene akusamalidwabe. Ntchito yonyamulayi imagwiridwa ndi kaloboti kotchedwa miss-islington, koma code ya nthambi ziwirizo ikasiyana kwambiri kalobotiko kamakanika, munthu n'kukhala pansi kulumikiza ndi manja. Pamenepa pagwireni bwino: version iliyonse imene ikadali moyo, ndi module iliyonse imene ili mkatimo, ndi katundu pamutu pa munthu wina wake.

Za kusintha chaka ndi chaka, mwaona zoona. Kuyambira pa 3.9, version yatsopano imatuluka mu Okutobala chaka chilichonse. Cha mu Meyi amatulutsa beta yoyamba, version yongoyesera, ndipo kuyambira pamenepo salowetsanso zatsopano, amangokonza zolakwika. Version iliyonse imasamalidwa zaka 5. Kwa 3.13 ndi zotsatira zake, zaka 2 zoyamba amakonza bug iliyonse, zaka 3 zotsalazo amangotseka mabowo a chitetezo basi. Ikakwana zaka 5 amaisiya. 3.8 inasiyidwa mu Okutobala 2024, mwezi womwewo umene 3.13 yanuyo inabadwa.

Zosintha zikuluzikulu sizichitika chifukwa munthu mmodzi wadzuka nazo m'mawa. Pamalembedwa chikalata chotchedwa PEP, chofotokoza vuto, njira yolithetsera, ndi njira zina zimene zakanidwa pamodzi ndi zifukwa zake. Anthu amakangana, nthawi zina kwa miyezi. Kale wogamula womaliza anali Guido yekha. Mu 2018 kunabuka mkangano woopsa pa PEP 572, ya kachizindikiro kakang'ono := kamene anthu amakatcha walrus. Guido anaivomereza, koma mawu amene analandira anamulemetsa moti mu Julayi chaka chomwecho anatula pansi udindo. Kuyambira 2019 ogamula ndi anthu 5 otchedwa Steering Council, osankhidwa ndi ma core developer anzawo. Kachizindikiro kaja kanalowa mu 3.8, ndipo kunena zoona ine ndimakagwiritsa ntchito mwina kawiri pa mwezi. Mpando wa mfumu unagwa chifukwa cha timadontho tiwiri ndi timizere tiwiri.

Tsopano cgi yanu. Inachotsedwa ndi PEP 594, yolembedwa ndi Christian Heimes ndi Brett Cannon, imene inatulutsa ma module 19 nthawi imodzi. Pagululi panali telnetlib, crypt, imghdr, nntplib ndi ena owerengera mitundu ya mafayilo a mawu imene masiku ano simudzakumana nayo. Python inkadzitama kuti imabwera ndi mabatire ake m'bokosi, kutanthauza kuti zambiri zimene mungafune zili kale mkati. Ndiye awa anawatcha mabatire akufa.

Inu mukuti sanali akufa chifukwa kwa inu ankagwira ntchito. Ndikumva. Koma taganizani za nyumba ya makolo imene ili ndi chipinda chimodzi chokiya chomwe palibe amagonamo. Mukhoza kunena kuti chipindacho sichidya kanthu. Koma denga lake ndi lomwelo, likadontha madzi amalowa m'khoma la onse, ndipo chiswe chikayambira mmenemo sichifunsa kuti chipinda chino muli anthu kapena ayi. Code yakale ili chimodzimodzi. Windows ikasintha, compiler ya C (pulogalamu yomasulira code kuti makina aimve) ikasintha, wina akakonza mbali ina ya chinenero, ma test a module yakaleyo amayamba kugwa, ndipo wina ayenera kusiya ntchito ina kuti akaone. Munthu akapeza bowo la chitetezo mmenemo, ayenera kulitseka mu ma version onse amoyo. Ambiri mwa ma module amenewa analibe mwini, kutanthauza kuti panalibe core developer amene ankawadziwa bwino n'kumayankha madandaulo ake. Ndipo chinthu chikakhala mkati mwa Python, wophunzira watsopano amaganiza kuti ndiyo njira yovomerezeka. Njira ya CGI ndi ya m'ma 1990, pomwe seva inkadzutsa pulogalamu yatsopano pa mlendo aliyense wofika pa tsamba. Kusiya cgi mkatimo kunali ngati kuuza ana kuti yambirani apa.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chinaimba. Lamulo lawo, lolembedwa mu PEP 387, ndi loti chinthu chisanachotsedwe chizichenjeza kwa ma version osachepera awiri. cgi inayamba kulemba DeprecationWarning, chenjezo loti idzachotsedwa, mu 3.11, Okutobala 2022, inapitiriza mu 3.12, n'kuchoka mu 3.13. Vuto ndi loti ng'omayo imalira motsitsa. Chenjezo la mtundu umenewu Python imalibisa pokhapokha ngati lachokera mu fayilo imene mwaiyendetsa mwachindunji, ndipo pa pulogalamu ya pa seva limakathera mu error log imene palibe amaitsegula zinthu zikamayenda bwino. Komanso ngati munadumpha kuchoka pa 3.8 kapena 3.10 kufika pa 3.13, simunalimve n'komwe. Apa ndiye ndili mbali yanu. Amene amamva machenjezowa ndi anthu amene amakhala mu code tsiku ndi tsiku, pomwe munthu amene analemba pulogalamu imodzi n'kuisiya ikugwira ntchito amadzangoona chitseko chatsekedwa. Inenso zinandigwera pa 3.12 atachotsa ma module ena awiri, distutils ndi imp. Kapulogalamu kena kamene ndinalembera ofesi ina kanafa Lolemba m'mawa, foni n'kuyamba kulira ndisanamwe tiyi.

Komabe musanawakalipire kwambiri, dziwani kuti kachotsedwe ka pang'onopang'ono aka anakaphunzira movutika. Mu Disembala 2008 anatulutsa Python 3.0, yomwe inasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. print inasanduka function yofuna mabulaketi. 3/2 imene inkapereka 1 inayamba kupereka 1.5. Chachikulu chinali kasungidwe ka malemba, ndipo ichi chimatikhudza ife olemba Chichewa. Mu Python 2, mukafunsa kutalika kwa mawu akuti Malaŵi olembedwa mu UTF-8, njira yosungira zilembo pa kompyuta, yankho linali 7, chifukwa ŵ imatenga ma byte (timalo tosungiramo) awiri ndipo chinenerocho chinkawerenga ma byte osati zilembo. Mukadula mawuwo pamalo olakwika, ŵ inkang'ambika pakati n'kusanduka zinyalala. Python 3 imayankha 6. Kusinthako kunali koyenera, sindikayika. Koma kunaphwanya pafupifupi pulogalamu iliyonse, ndipo anthu anakana kusamuka. Python 2.7 inayenera kusiyidwa mu 2015, anachita kuwonjezera mpaka 1 Januwale 2020, ndipo yomaliza yeniyeni, 2.7.18, inatuluka mu Epulo 2020. Zaka zoposa 11 anthu ochepa omwe aja akusamalira zinenero ziwiri. Ndiye mukamaona akuchotsa kamodzikamodzi chaka chilichonse, ndi anthu amene analumidwapo. Ine pa ziwirizi ndimasankha kupweteka pang'ono chaka ndi chaka, ngakhale ndimaona kuti nthawi zina amafulumira kuchotsa tinthu tosalemetsa aliyense.

Za pulogalamu yanu, njira yachangu ndi kulemba pip install legacy-cgi. Ndi code yomweyo ya cgi imene anthu ena anaitola n'kuiika pa PyPI, nkhokwe ya pa intaneti imene pip imatengako ma module, ndipo import cgi yanu idzadzuka osasintha mzere uliwonse. Njira ina ndi kuika Python 3.12 pambali pa 3.13, n'kupangira pulogalamuyo venv yakeyake, malo apadera okhala ndi Python yake ndi ma module ake. 3.12 ikadali ndi cgi ndipo idzalandira zokonza za chitetezo mpaka Okutobala 2028. Musachotse Python imene inabwera ndi Linux yanu pochita zimenezi, chifukwa zida zina za kompyutayo zimaidalira.

Zonse ziwirizi ndi zongogulira nthawi. Tsegulani code yanu muone kuti mu cgi mumatengamo chiyani kwenikweni. Ngati n'kungowerenga zimene zili pa adiresi pambuyo pa chizindikiro cha funso, urllib.parse.parse_qs imachita zomwezo ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati mumagwiritsa ntchito FieldStorage ya mu cgi polandira mafomu okhala ndi mafayilo, ndi bwino kungosamutsira pulogalamuyo ku Flask kapena Django, zida zomangira mapulogalamu a pa intaneti zomwe zimawerenga mafomu zokha.

Mukamaliza, yendetsani pulogalamuyo ndi python -W error::DeprecationWarning. Zikatero chenjezo lililonse lobisika lija limaimitsa pulogalamu n'kukuonetsani mzere wake. Ndikuganiza kuti mupezamo datetime.utcnow, imene inayamba kuchenjeza mu 3.12 ndipo ili mu code ya pafupifupi aliyense amene anayamba kale. Mukaona error ina imene simukuimvetsa, iponyeni pompano pamodzi ndi mizere ya code imene ikutchulidwayo, tione limodzi.