Za magetsi a sola aja, amalume

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, foni inali pa tchaji. Ndamva uthenga wanu pagulupu paja, woti mwagula magetsi a sola anayi a pakhoma, mukufuna kuwakhoma pansi pa khonde kuti asamanyowe, komanso limodzi likukana kuyaka. Ndiyambe ndi za khondezo, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Pansi pa khonde ayi, chonde. Mwakaona kagalasi kakuda kali pamwamba pa getsilo? Ndi kamene kamadzaza batire ili mkatimo, ndipo kamafuna dzuwa lenileni, lowomba pomwepo, maola 6 mpaka 8. Kuwala kwa mumthunzi sikukwanira. Inetu ndinalakwitsa chimodzimodzi. Langa loyamba ndinalikhoma pansi pa malata, pamwamba pa chitseko. Linkayaka bwinobwino chakumadzulo, koma ikamati 9 koloko, zii, mdima. Ndinanyoza wogulitsa mlungu wathunthu kuti wandipatsa zachinyengo. Nditalisamutsira pakhoma la mpanda, getsi lomwelo linayamba kufika mbandakucha. Ndinachita manyazi ndekha.

Mvula musaiope. Onani pa katoni, ngati palembedwa IP65 ndiye kuti fumbi sililowa ndipo mvula siliwononga. Analipangira panja.

Ndiye musanaboole khoma, mawa muzungulire nyumba katatu, 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko, muone khoma limene dzuwa likukhalitsa. Muonenso mitengo, eti, chifukwa mthunzi umasuntha ndi nyengo.

Kutalika kwake, mamita awiri kapena awiri ndi theka kuchokera pansi. Kampira koyera kali kutsogoloko ndi sensa, kamamva kutentha kwa thupi likamayenda, pamtunda wa mamita 3 mpaka 5. Mukakweza kwambiri kamasiya kuona anthu, mukatsitsa ana azikasewera nako, ndipo wakuba angozula n'kupita. Chinanso chimene ambiri sadziwa, kamagwira msanga munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika, choncho liikeni cham'mbali mwa njira yolowera. Lisayang'ane kumsewu, apo ayi aliyense wodutsa, ngakhale galu, aziliyatsa, batire n'kutha usiku usanafike pakati.

Kukhoma kwake sikuvuta. Gunditsani getsilo pakhoma, chongani mabowo ndi pensulo, boolani ndi dirilo ya 6 mm, lowetsani timapulasitiki tija tabwera m'katonimo, kenako masikuluwu. Booleni panjerwa penipeni, osati pamzere wa matope, pamanyenyeka. Koma amalume, ndi bondo lanu lija, pamakwerero musakwere ndinu. Anyamata alipo, akwere iwowo, inu muziloza muli pansi.

Tsopano lokana kuyakalo. Mwina silinafe ayi. Kumbuyo kapena pansi pali kabatani, ena amabisa m'kabowo kofuna kutosa ndi kawaya, ndipo amachokera kufakitale ali othimitsa. Mukadina, phimbani kagalasi kaja ndi dzanja. Likayaka, lili bwino. Masana siliyaka mwadala, limadikira mdima, ndipo likakhala pafupi ndi babu ina yowala limayesa kudakali masana. Likakanabe, lithimitseni, muliike padzuwa masiku awiri, muyesenso. Likapanda kuyaka pamenepo ndiye mukabweze.

Kabatani komweko kamasinthanso kayakidwe. Ambiri amakhala ndi mitundu itatu: kuyaka usiku wonse, kuyaka pang'ono n'kuwala kwambiri munthu akafika, kapena kukhala lothima mpaka wina adutse. Ine loyaka usiku wonse sindilikonda, limadya batire, makamaka kukachita mitambo masiku angapo. La pageti liikeni pa mtundu wachiwiriwo, la kuseri kwa nyumba pa wachitatuwo.

Muzipukutako kagalasiko ndi kansalu konyowa kamodzi pamwezi, fumbi ndi zitosi za mbalame zimatchinga dzuwa. Pakatha chaka kapena ziwiri mukaona layamba kuthima msanga, musataye. Nthawi zambiri imakhala batire yatopa. Mumamasula kumbuyo, ambiri mumapeza batire yotalika ngati chala, yolembedwa 18650, ya 3.7V, mumaika ina yofanana nayo basi.

Mawa 12 koloko mujambule makoma onse anayi munditumizire, tisankhire limodzi. Mupereke moni kwa azakhali.